Aphunzitsi Akanyanyala Nchito, Mudzi Usanyanyale Ana

Kwa Mafumu athu olemekezeka, Nyakwawa, ndi ziwalo zonse za Bungwe zokhala m'mbali mwa nyanja ya Chia.

Mafumu ndi abale,

Tikulemberani kalata iyi msonkhano usanafike, kuti ali yense adze atalingalira kale. Pakuti nkhani imene tifuna kuika pamaso panu siikoma m'makutu, ndipo ena a ife idzatigunda pa chilonda. Nkhaniyo ndi iyi: katatu m'zaka zosakwana 10 aphunzitsi a m'dziko muno ananyanyala nchito, ndipo katatu konse midzi yathu ya ku Chia inasowa chochita ndi ana ache omwe. Tinakalipira aphunzitsi, tinadandaula za Boma, tinakhala pa bawo kudikira mau a pa wailesi. Koma ana tinawapereka ku doko. Ife tinena kuti mlandu umenewo uli pa ife eni mudzi, ndi kuti tiyenera kupangana tsopano, sukulu ziri chitsegukire, chimene tidzachite tsiku limene belu lidzakhalanso chete.

Tiyambe ndi kukumbutsana zimene zinachitika, kuti wina asadzati Mlembi wapeka nthano. M'mwezi wa May 2012 Boma la Mai Joyce Banda linatsitsa mphamvu ya kwacha, kotero kuti dola imodzi imene inagulidwa pa K168 inayamba kugulidwa pa K250. Mchere, sopo, palafini ndi feteleza zinakwera mtengo, malipiro natsala pomwepo. Pofika February 2013 anchito a Boma ananyanyala nchito pafupifupi masabata awiri. Sukulu zinaima, m'zipatala munasowa othandiza, mabwalo a ndege omwe anatsekedwa, ndipo ana a sukulu a m'mizinda anayenda m'miseu kufuna aphunzitsi ao. Potsiriza Boma linabvomera kuonjezera 61 pa 100 pa malipiro a iwo olandira zochepa koposa. M'mwezi wa June 2017 aphunzitsi ananyanyalanso chifukwa ndalama zao za tchuthi zinachedwa kufika. Ndipo m'chaka cha 2021, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, sukulu zitati zitsegulidwe pa 22 February, bungwe la aphunzitsi la TUM linakana kuti anthu ache alowe m'kalasi asanalandire ndalama za ukadziotche. Kunyanyalako kunafika m'March, kunaima pang'ono, kunabukanso m'April, mpaka Boma linapita nayo nkhaniyo ku bwalo la milandu.

Zimenezi zinalembedwa m'nyuzipepala, ndipo ali yense azidziwa. Chimene sichinalembedwe ndicho chimene chinachitika m'makomo mwathu masiku amenewo, ndipo ndicho tifuna tikambe.

Mau oyamba amene anamveka pakati pathu anali akuti, Za Boma izo, zidzatha zokha. Mau amenewa anatuluka m'kamwa mwa akuru, ndipo anaoneka ngati anzeru. Koma tiyeni tione tsiku la banja la kuno monga liri. February, March ndi April ndiyo miyezi imene mai ali ku dambo kupalira mpunga, kapena ali pa chinangwa kusenda ndi kubviika kuti kondowole asasowe m'nyumba. Bambo wachezera usiku pa madzi, ndipo masana agona kapena asoka ukonde. Agogo atsala pa khonde ndi makanda. M'masiku abwino, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, mwana ali m'manja mwa mphunzitsi, ndipo banja lonse lakonza nchito zache motsamira pa zimenezo. Tsono manja amenewo atachoka, ndani anamlandira mwanayo? Palibe. Anyamata anatsikira ku doko kukapa madzi m'mabwato ndi kukoka makoka. Ena anachotsa neti ya udzudzu pa mphasa, nakakokolola nayo tiana ta chambo m'bango, chinthu chimene lamulo la za nsomba liletsa, ndiponso chimene chiwononga chakudya cha zidzukulu zathu. Asungwana anasenza mabeseni a zitumbuwa kunka nao kwa asodzi, kapena anaima pa mseu wa M5 pafupi ndi mlatho kunyamulira nsomba apaulendo. Madzulo ndalama ija inathera m'nyumba za kanema. Ndipo nyengo imeneyo ndiyo Lifuliza ndi Likoa adzaza, madzi ali a matope, ng'ona siioneka patali, ndi likodzo lidikira mwana ali yense wosambira m'mbali.

Wina adzati, Kodi n'choipa kuti mwana wa msodzi aphunzire ukonde? Iai, si choipa. Tonse tinakulira pa madzi amenewa, ndipo mwana wothandiza atate wache pa Loweruka sitimdzudzula. Choipa n'chakuti mwana wa zaka 11 amene walawa ndalama yacheyache masabata atatu sabwerera ku sukulu ndi mtima umene anachoka nao. Akhala m'kalasi akuwerengera za ku doko. Ajomba tsiku limodzi, kenaka awiri, ndipo pofika mayeso dzina lache lafafanizidwa. Aphunzitsi anabwerera ku nchito tsiku lodziwika, lolengezedwa pa wailesi. Koma ana ena sanabwerere mpaka lero, ndipo palibe wailesi imene inatchula maina ao. Nanga za asungwana tinenenji? M'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa kuyambira March chifukwa cha mliri, kafukufuku wa Boma anapeza asungwana pafupifupi 40,000 otenga pakati, ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Chiwerengero chimenechi chinamveka m'dziko lonse miyezi yochepa aphunzitsi asananyanyale mu 2021. Tinali titachenjezedwa, Mafumu. Ndipo munthu wochenjezedwa akaponda pa minga yomweyo, asanamizire mdima.

Mau achiwiri anali oopsa koposa oyambawo, ndiwo akuti, Aphunzitsi ndi adyera, afuna kudya osagwira nchito. Mau amenewa anayenda pa chitsime, pa msika ndi pa bwalo la mpira. Tinamva za mkazi wa mphunzitsi wonyozedwa potunga madzi. Tinamva za wogulitsa amene anakana kumkongoza nsomba munthu amene anamkongoza zaka zonse. Tinamvanso za mfumu ina, imene sitiitchula, yoitanitsa aphunzitsi pa bwalo lache ndi kuwaopseza kuti akapanda kulowa m'kalasi awasamutsa m'mudzi. Tifunse mosabisa: kodi mphunzitsi ameneyu ndani? Ndi yemweyo amene atsogolera kwaya pa Sabata, amene aimba wezulo anyamata athu akamasewera mpira, amene alemba m'buku la banki m'khonde ya amai, amene awerenga uthenga pa maliro, amene atiwerengera kalata ya ku chipatala ikatikanika. Ambiri a iwo ndi alendo ochokera ku maboma ena, opanda munda, opanda bwato, opanda mbale pafupi. Chimene adya agula. Kwacha ikagwa, msodzi akweza mtengo wa chambo tsiku lomwelo, ndi mlimi akweza mtengo wa mpunga. Mphunzitsi yekha alibe chokweza. Chimene chimtsalira ndicho kupempha, ndipo akapempha osamveka, kuimitsa manja.

Ndipo za dyera zimene tinawanenera, tiyeni tiziike pa muyeso. M'mwezi womwewo wa April 2021, pamene aphunzitsi anauzidwa kuti ndalama za ukadziotche palibe, kunatuluka lipoti la ofufuza za K6.2 biliyoni zimene Boma linapatula kuti zilimbane ndi mliri. Lipotilo linaonetsa kuti ndalama zambiri zinayenda njira zosayenera, zina nizithera m'maalawansi a m'maofesi. Anthu ena anamangidwa, ndipo President Lazarus Chakwera anachotsa nduna yoona za nchito pa mpando. Kodi pa chitsime paja ananyozapo ndani chifukwa cha K6.2 biliyoni? Mkwiyo wathu wonse unagwera munthu wa nsapato imodzi wokhala pafupi nafe, chifukwa iye ndiye tinatha kumfikira. Kumeneko si kulimba mtima.

Sitinena kuti chiri chonse chimene bungwe la aphunzitsi linapempha chinali cholondola, kapena kuti masiku onse anasankha bwino nthawi. Zimenezo n'zokamba iwo ndi owalemba nchito, ndipo lamulo la 1996 loona za ubale wa anchito ndi olemba nchito linaika njira zache ndi bwalo lache. Tinena kuti bwalo limenelo si bwalo la mfumu ya mudzi. Makolo athu anaona masiku amene mfumu inasandutsidwa kapitao wa Boma, yosonkhetsa msonkho wa nyumba ndi yogwira anthu a mtengatenga. Ndipo mabungwe oyamba a anthu akuda m'dziko muno, kuyambira lija la North Nyasa la 1912 limene Levi Mumba anali mlembi wache, anadzuka kuti mau a anthu akwere kunka kwa olamulira. Mfumu imene iopseza mlendo wa m'mudzi mwache kuti ikondweretse a ku ofesi yabwerera ku ukapitao umene makolo anaukana. Ndiponso tikumbutse Mafumu athu mwaulemu kuti mswahala nao ndi malipiro ochokera m'thumba lomwelo, ndipo uchepa mphamvu tsiku lomwelo limene malipiro a mphunzitsi achepa mphamvu. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Pali ena pakati pathu amene ayesa kunyanyala nchito ngati mwano wobwera ndi ana a masiku ano. Amenewa aiwala mbiri ya anthu a m'mbali mwa nyanja yaikuruyi, amene kuyambira kale anapita ku Harare ndi ku Joni kukagulitsa mphamvu zao. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, ndiye anayambitsa bungwe la anchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo chaka chomwecho anchito a pa doko la kumeneko ananyanyala nchito. Mu 1927, pa mgodi wa Shamva ku Southern Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zimbabwe, anchito oposa 3,000 anakana kulowa pansi, ndipo ambiri a iwo anali anthu a kuno kwathu. Iwo sanali aulesi. Anali amuna osiya akazi ndi ana kumudzi, amene anaona kuti thukuta lao silifanana ndi chimene alandira.

Koma m'mbiri imeneyo muli phunziro lina limene litikhudza koposa. M'mwezi wa May 1935 anchito a m'migodi ya mkuwa ya Mufulira, Nkana ndi Luanshya, m'dziko limene lero ndi Zambia, ananyanyala nchito chifukwa msonkho unakwezedwa, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti. Nthawi imeneyo analibe bungwe la anchito, analibe lamya m'manja. Nanga mau anayenda bwanji kuchoka pa mgodi wina kufika pa wina? Mwa njira zina anayenda ndi magulu a gule wa mbeni, amene azungu anawayesa masewera chabe. Maguluwo anali ndi atsogoleri ao, misonkhano yao, ndi thumba lao lothandizana pa matenda ndi pa maliro. Kotero tsiku la mabvuto litafika, anthu anapeza kuti ali nalo kale dongosolo, ndipo dongosololo linali m'gule.

Tsono yang'anani kwathu kuno. Gulu la mganda kapena malipenga liri ndi mtsogoleri wache, woyang'anira mizere, wosunga chuma ndi tsiku loyeserera. Mnyamata wochedwa alipitsidwa, ndipo wobwera ndi malaya akuda abwezedwa. Amai a chiwoda ndi chimtali asonkhana popanda kalata ya ku boma. Timu iri yonse ya mpira wa miyendo ndi wa manja iri ndi kapiteni amene ana amumvera koposa atate ao. Ku tchalitchi kuli Sande sukulu ndi kwaya, ku mzikiti kuli madrasa, ku doko kuli komiti ya asodzi yokhala ndi mphamvu yolanda ukonde woletsedwa. Mudzi umene ungathe kudyetsa alendo a gule ochokera midzi itatu, ndi kukumba manda usiku umodzi, ndi kusonkha ufa wa pa sadaka popanda wotsala, sunganene kuti unalibe mphamvu yosunga ana ache masabata atatu. Mphamvu inalipo, chimene chinasowa ndi woitana. Ndipo woitana m'mudzi ndani, ngati si mfumu?

Tidziwa zimene ena adzayankha pa msonkhano, ndipo tiziyankhiretu. Adzati, Mu 2021 mliri unaletsa kusonkhana. Zoona, koma ku doko kunadzaza, ndi m'nyumba za kanema ana anathithikana pa mabenchi mopanda mpweya. Ana 15 okhala motalikirana pansi pa mtengo wa mango akanakhala pabwino koposa pamenepo. Ndipo mu 2013 ndi mu 2017 munalibe mliri, koma tinachita chimodzimodzi. Ena adzati, Mukasonkhanitsa ana, mufooketsa aphunzitsi, pakuti Boma lidzaona kuti sukulu ziyenda popanda iwo. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo chifukwa chache tinena kuti munthu asalowe m'kalasi, asagwire choko, asakhale pa mpando wa mphunzitsi. Kutero kukanakhala kulanda khasu m'manja mwa mwini munda. Kusunga mwana kuti asamire, asakwatiwe, asaiwale kuwerenga, ndi nchito ya kholo imene Boma silinailembepo munthu. Enanso adzati, Ndife osauka, mwana akapeza ya mchere ku doko athandiza banja. Umphawi tiudziwa, sitiumvera kwa ena. Koma lamulo la za nchito la 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14. Lamulo la maphunziro la 2013 likakamiza mwana ali yense kukhala pa sukulu ya pulaimale, imene yakhala yaulere chiyambire 1994. Ndipo mu 2017 malamulo akuru a dziko anakonzedwa kuti ukwati usachitike munthu asanakwane zaka 18. Inkosi Theresa Kachindamoto ku Dedza anathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera asungwana ku sukulu, m'dera la anthu osauka ngati ife. Iye sanadikire kalata yochokera ku Lilongwe.

Nkhani imeneyi sitiikamba ngati yakale, pakuti muzu wache sunazulidwe. M'mwezi wa November 2023 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 pa 100. Ndipo monse mmene mtengo wa zinthu uthamanga kusiya malipiro m'mbuyo, mkangano wa wolemba nchito ndi wolembedwa ubwera monga mwera abwera pa nyengo yache. Msodzi wanzeru akokera bwato lache kumtunda mwera usanayambe. Chifukwa chache tiika pamaso pa msonkhano mfundo izi, kuti zikambidwe, zikonzedwe, ndi kulembedwa m'buku la Bungwe:

1. Kuti tsiku limene sukulu idzaima chifukwa cha kunyanyala nchito, mfumu iri yonse iitane makolo pa bwalo dzuwa lisanalowe, ndi kulemba maina a ana onse a sukulu a m'mudzi mwache.

2. Kuti m'mawa uli wonse ana asonkhane m'magulu ang'onoang'ono pansi pa mitengo, kunja kwa malo a sukulu, ndipo anyamata ndi asungwana otsiriza Fomu 4 amene ali m'mudzi awamvetsere akuwerenga mabuku ao, makamaka iwo a Sitandade 8 oyembekeza mayeso.

3. Kuti masana akhale a mpira, a kuyeserera mganda ndi chiwoda, a kwaya ndi madrasa, monga atsogoleri a magulu amenewa adzagawana masiku. Ndi kuti nkhalamba zodziwa kuluka mono, kusema mpini ndi kuumba mbiya zipatsidwe ana oti ziwaphunzitse.

4. Kuti makomiti a asodzi asalole mwana wa sukulu kukwera m'bwato la ganyu kapena kugulitsa malonda pa doko pa maora a sukulu, ndi kuti mwini ukonde wolemba mwana aitanidwe pa bwalo.

5. Kuti eni nyumba za kanema asalowetse ana masana kapena usiku pa masiku amenewo.

6. Kuti mphunzitsi ndi a pa banja lache asanyozedwe, asaopsezedwe, asamanidwe ngongole imene anali kulandira kale, ndi kuti malo ao m'kwaya, pa mpira ndi pa maliro akhale monga masiku onse.

7. Kuti Mafumu akafuna kulankhulapo pa mkanganowo, alembe kalata imodzi pamodzi kwa Bwanamkubwa wa boma la Nkhotakota ndi kwa aphungu athu, yofotokoza mabvuto a ana ndi yopempha mbali zonse ziwiri kuti zikambirane msanga.

8. Kuti sukulu ikatsegulidwa, maina aja a pa mfundo yoyamba awerengedwenso, ndipo mwana ali yense wosowa alondoledwe kufikira atapezeka.

Pa mfundo zonsezi palibe imene ifuna ndalama ya Bungwe, kupatula mtengo wa kope ndi pensulo. Zifuna kuti mfumu idzuke pa mpando, kholo lisiye bawo ora limodzi, ndi mwini ukonde ataye phindu laling'ono la manja a mwana. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife a ku Chia tiyenera kuyamba ndi kubvomera kuti mwana wathu ngwathu, ngakhale pa tsiku limene mphunzitsi ali pa mkangano ndi Boma.

Tipempha Mafumu kuti kalata iyi iwerengedwe mokweza pa bwalo kwa iwo osatha kuwerenga, ndi kuti mudzi uli wonse utumize ku msonkhano amai awiri pamodzi ndi amuna, pakuti katundu wa masiku amenewo anagwera iwo koposa. Wotsutsana nafe adze ndi mau ache, tidzamumvera mpaka atatsiriza. Koma wokhala kunyumba asadzadandaule pa zimene anzache adzamanga.

Ndife anu mwaulemu,

Mlembi, m'dzina la Komiti ya Bungwe.